Masabata Anayi Kunja kwa Geti

"Ikani pansi chikwamacho, Amayi."

"Tandisiya iwe, dzuwa lindithera."

"Ndati ikani pansi. Mukupita kuti, munthu ali chigonere m'chipindamo?"

Amayi anapinda diresi lawo la Lamulungu n'kuliika pamwamba pa nsapato, kenako anayamba kufunafuna chipeso ngati kuti chipeso ndicho chinali nkhani yaikulu m'nyumbamo tsiku limenelo. Ine ndinkachiona chili pazenera, koma sindinawauze.

"Ndikakhala kwa mng'ono wanga," anatero. "Masabata anayi okha."

"Okha! Mukunena ngati mukupita kumsika. Nanga aziwadyetsa ndani? Aziwatembenuza ndani?"

"Iweyo. Si abambo ako?"

"Ndi abambo anga, eya. Koma a Chaputala akuti si amuna anu. Ndiye akhala abambo anga bwanji?"

"Pakamwa pakopo iwe. Akumva."

Bambo ankamva ndithu. Sitiroko inawagwira mwezi umodzi m'mbuyomo ali m'shedi mwawo, akupala thabwa. Inawapha mbali yonse ya kumanzere n'kuwalanda mawu, koma makutu inawasiyira. Munthu yemwe ankacheza ngakhale ndi misomali anatsala ndi liwu limodzi, nalonso loduka. Iwo ankatcha Amayi kuti Kapitawo, chifukwa zaka zonsezi Amayi ndiwo ankagwira kumapeto kwa thabwa iwo akucheka, kwinaku akuwauza kuti akhotetsa. Tsopano ankangotha kunena kuti, "Tawo."

Si bambo anga ondibereka. Wondibereka anatisiya ine ndili ndi zaka ziwiri, akuti akukafuna ntchito, ndipo ntchitoyo anaipeza pamodzi ndi mkazi wina. Amayi anadikira zaka zisanu. Kenako kunabwera kalipentala kudzakonza chitseko chathu chomwe chinkakana kutsekeka, ndipo chitsekocho anachikonza kangapo konse mpaka anthu anazindikira. Atakwatirana, mpingo unawadula onse awiri, chifukwa kwathu lamulo limati mkazi sakwatiwanso mwamuna wake woyamba akadali moyo. Kwa zaka makumi awiri ndi ziwiri akhala akupemphera ali pa benchi la kumbuyo. Benchilo anakhoma ndi Bambo, monganso mabenchi ena onse, gome la Mgonero, ndi thireyi yamatabwa ya mabowo makumi asanu momwe mumakhala timakapu ta vinyo. Thireyi imeneyo inkadutsa mabenchi onse n'kubwerera pa benchi loyandikana ndi lawo.

"Anena chiyani kwenikweni a Chaputala dzulo?" ndinafunsa. "Munandituma kusitolo kuti ndisamve."

A Chaputala ndi mkulu wa mpingo. Dzinalo tinawapatsa tili ana, chifukwa ngakhale ukawafunsa nthawi amayamba ndi chaputala ndi ndime.

Amayi anakhala pamphepete pa mpando, chikwama chili pamiyendo. "Akuti abambo akowa sakhalitsa, ndipo akapita chonchi apita ali kunja kwa gome la Ambuye. Akuti ndikachoka m'nyumba muno, n'kukhala padera masabata anayi, akulu aona kuti tchimo latha. Lamulungu lachisanu adzawabweretsera Mgonero pabedi pompo."

"Ndiye tchimolo ndinu?"

"Ndine. Abambo akowa anandipeza ndili ndi mlandu wanga, iwo alibe. Anali mtsogoleri wa kwaya anthuwa, iwe sukudziwa. Ndinawalanda gome la Ambuye, mwana wanga. Ndilekeni ndiwabwezere asanapite."

"Mwawafunsa eni ake ngati akulifuna?"

"Ayankha bwanji?"

"Ndiye mukuwayankhira inu ndi a Chaputala?"

"Iwe sunawaone nkhope Lamulungu la Mgonero. Ine ndimakhala pafupi nawo. Thireyi ija ikamabwerera, iwo amayang'ana zikhadabo zawo. Zaka zonsezi sanadandaulepo ngakhale kamodzi, ndipo zimenezo ndiye zimandipweteka."

Ndinawakalipira, ndinalira, ndinabisa chikwamacho kuseri kwa makina anga osokera. Amayi anga ndi munthu wofatsa, koma anthu ofatsa akaganiza chinthu sumawatembenuza. Anachitenga chikwamacho, n'kundiuza kuti ndisambe m'manja ndibwere ndi phala ndi kasupuni kakang'ono.

"Ona bwino, sindibwereza," anatero tili m'chipinda cha Bambo. "Uziwadzutsa kaye, mapilo awiri kumsana. Mutu uziutembenuzira mbali yakufayi, chibwano pansi. Theka la kasupuni basi. Ukawapatsa, ika chala apa pakhosi, udikire mpaka umve kuti chadutsa. Usawapatse madzi okhaokha, amapita njira yolakwika. Uziwasakaniza ndi phala kuti alimbe. Ndipo usathamange. Ukathamanga atsamwa."

Ndinayesa. Phala linatsika m'mbali mwa mlomo. Amayi anapukuta ndi chala chawo, n'kundionetsanso, ngakhale anali atanena kuti sabwereza.

Atamaliza anawerama. "Abambo, ndikupita kwa mng'ono wanga pang'ono. Ndibwera."

Dzanja la Bambo lamoyo lija linawagwira pamkono. Ndi dzanja lomwe lagwira sowo moyo wonse, ndipo ngakhale matenda sanalifoole. "Tawo," anatero. "Tawo."

Amayi anamasula zalazo chimodzichimodzi, n'kuliika dzanjalo pabulangete, n'kulisisita. Anatuluka osacheuka, ndipo chipeso chija chinatsala pazenera pomwepo.

A Chaputala anati malire ndi geti. Ndiye m'mawa uliwonse Amayi ankayenda ulendo wa ola lathunthu kuchokera kwa amayi aang'ono, n'kudzaima kunja kwa geti lomwe amuna awo anakhoma. Ine ndinkawapatsira pamwamba pake nsalu zapabedi zakuda, iwo n'kundipatsira zadzulo zochapa ndi kusita, ndi kabakuli ka phala losefa kawiri. Anthu odutsa ankaona ngati tikugulitsana kanthu.

"Adya masupuni angati?"

"Asanu ndi awiri."

"Dzulo unati khumi."

"Akukana, Amayi. Akamva geti kulira amatembenuza maso, amadikira. Akaona kuti ndalowa ndekha, amatseka pakamwa."

"Uziwanyengerera. Uziwauza kuti kwatsala masabata atatu."

"Lowani mukawauze nokha. Mphindi zisanu zokha. Akuonani ndani?"

"Mulungu," anatero Amayi, n'kusenza nsalu zija pamutu.

Mlungu wachiwiri ndinapita kwa Abusa. Ndi munthu wachinyamata, wangokhala nafe miyezi isanu ndi itatu, ndipo amalalikira bwino moti amayi a kutsogolo amapukuta misozi. Ndinawapeza mu ofesi yawo yaing'ono kuseri kwa tchalitchi, akulemba ulaliki pa tebulo lomwe nalonso ndinalizindikira miyendo yake.

"Abusa, ndiwerengereni malo amene a Chaputala amawerengera amayi anga aja. Ndimve ndi makutu anga."

Anatsegula, anawerenga. Zinalimo ndithu, zakuti mkazi ndi womangidwa kwa mwamuna wake nthawi yonse imene mwamunayo ali moyo. Koma iwo sanaime pomwe a Chaputala amaimira, anapitirira mpaka kumunsi, kenako anavula magalasi.

"Mlongo, ndikuuzeni zoona. Mtumwiyu pamenepa sakuweruza milandu ya mabanja. Akupereka chitsanzo. Akuti monga imfa imamasula munthu ku lamulo la ukwati, ifenso tinafa pamodzi ndi Khristu, ndiye lamulo silitimanganso. Ndime yonseyi ikunena za kumasulidwa. Ndipo pamalo ena mtumwi yemweyu amanena kuti munthu akasiyidwa ndi mnzake, sali kapolo."

"Ndiye mwatenga ndime yomasula anthu n'kumangira amayi anga?"

"Sindinaimange ndine. Ndinaipeza."

"Nyamukani tsono. Tiyeni mukawauze zimene mwandiuzazi. Ine sandimvera, koma inu akumverani."

Abusa anayang'ana pepala la ulaliki wawo. "Nkhani ngati imeneyi iyenera kupita ku bwalo la akulu. Limakhala kumapeto kwa mwezi. Ndikangoyamba kugwetsa zimene akuluakulu asunga zaka makumi anayi, mpingo ugawanika, mlongo. Ndiyenera kuyenda pang'onopang'ono."

"Matenda a Bambo sakuyenda pang'onopang'ono."

"Ndikuwapempherera tsiku lililonse."

"Zikomo. Nanga kumeza mungawamezere?"

Ndinatuluka osatsazika. Ndikudziwa kuti ndinachita mwano, ndipo mpaka lero sindinapepese.

Mawa lake ndinawafotokozera Amayi pageti zonse zimene Abusa ananena. Anamvetsera mutu uli pansi.

"Ngati zili choncho, bwanji sanazinene paguwa?" anafunsa.



A Chaputala ankabwera Lachitatu lililonse kudzaona wodwala. Ndikadakonda ndikanakuuzani kuti ndi munthu woipa mtima, nkhani ikanaphweka. Koma ayi. Anakulira limodzi ndi Bambo, ankaimba limodzi m'kwaya, ndipo akakhala pambali pa bedi ankawagwira dzanja misozi ikutsika m'masaya. Tsiku lina potuluka ndinawatsekera njira pakhonde.

"Bambo, mukuona mmene aondera?"

"Ndikuona, mwana wanga. Thupi likutha, koma mzimu ukukonzedwa."

"Akufuna akazi awo."

"Mkazi wa mwini," anandikonza mofatsa. "Ine sindinalembe lamuloli. Bambo ako okubereka akanakhala kuti anamwalira, bwenzi palibe nkhani. Koma ali moyo."

"Ali moyo, ali ndi mkazi wachitatu, ndipo ndamva kuti kumene aliko amadya Mgonero mwezi ndi mwezi."

"Za mpingo wina ine sindiyankha. Ine ndidzayankha za mnzangayu. Ukufuna ndidzaime pamaso pa Mulungu, andifunse kuti unamuona mnzako akupita kuchionongeko n'kukhala chete chifukwa choopa telala wolongolola?"

"Nanga zaka zonsezi amakukhomerani mabenchi, simunkaona kuti manja ake ndi ochimwa? Mwakhalira tchimo lake ndi matako anu Lamulungu lililonse."

"Ndikukhululukira chifukwa uli pachisoni," anatero, n'kuvala chipewa chawo.

Ndinene zoona, popeza ndayamba kale. Mlungu umenewo ndinapemphera kuti munthu amene anandibereka afe. Ndinagwada pambali pa makina osokera, n'kupempha Mulungu kuti amutenge, galimoto kaya malungo, chilichonse, bola uthenga ufike msanga Amayi alowe m'nyumba. Lamulo lija linandifikitsa pamenepo. Uthenga sunabwere, ndipo ndikumva kuti mpaka pano ali bwinobwino, mimba ili patsogolo.

Mlungu wachinayi Bambo anayamba kutentha thupi ndi kutsokomola. Ndinaitana namwino wa pachipatala chaching'ono chapafupi, anawamvetsera pachifuwa n'kundikokera pambali.

"Chakudya chakhala chikulowa m'mapapo. Ndi chibayo. Amawadyetsa ndani?"

"Ine."

"Kale ankawadyetsa ndani? Ulendo watha uja chifuwa chinali choyera."

Ndinkachita zonse monga Amayi anandionetsera, mapilo awiri, chibwano pansi, theka la kasupuni. Koma chala changa sichinkamva chimene chala chawo chinkamva. Nthawi zina ndinkaganiza kuti chadutsa pomwe sichinadutse. Nthawi zina ndinkatopa, n'kuthamanga.

Namwino anasiya mankhwala n'kunena kuti tikaona kupuma kukusintha tithamangire kuchipatala chachikulu. Mawa lake pageti ndinagwira dzanja la Amayi pamwamba pa matabwa, osalisiya.

"Ndikuwapha, Amayi. Ine ndi amene ndikuwapha. Sinditha. Lowani."

Amayi anayang'ana zenera la chipinda chija, katani yake yobiriwira yomwe anasoka okha. Phazi lawo limodzi linasuntha, ndinaliona.

"Kwatsala masiku asanu," anatero. "Ndikalowa lero, masabata atatu onsewa apita pachabe, ayambiranso kuwerenga. Alibe masabata ena anayi. Limba mtima, mwana wanga. Akangomwa, ine ndilowa, ngakhale andidule kachiwiri. Akangomwa basi."

"Nanga akapanda kufika Lamulungu?"

"Afika. Ndi munthu wamakani, afika."

Anafikadi. Lamulungu lachisanu, mapemphero atatha, cha m'ma thuu koloko masana, ndinaona anthu atatu akubwera mumsewu: Abusa, a Chaputala atanyamula thireyi ija yovundikira ndi nsalu yoyera, ndi mkulu wina wosalankhulalankhula. Amayi anali atafika kale. Anaima kunja kwa geti atavala diresi la Lamulungu lija, chikwama chili m'manja, okonzeka kubwerera m'nyumba mwawo. Akuluwo anawapatsa moni powadutsa, iwo n'kupatuka kuti thireyi ilowe.

M'chipindamo ndinali nditawasambitsa Bambo, kuwameta ndevu, ndi kuwaveka shati yoyera. Pilo ndinamuveka nsalu yatsopano yomwe Amayi anabweretsa m'mawa, yositidwa mpaka kuwala. Kupuma kwawo kunkamveka ngati sowo yobuntha.

Abusa anapemphera. A Chaputala anawerenga kalata ya akulu yonena kuti mbale wathu wasiyana ndi tchimo lake, ndipo wabwezedwa pagome la Ambuye. Ankawerenga ndi chimwemwe chenicheni. Anavundukula nsalu ija. M'mabowo makumi asanu munali kakapu kamodzi kokha.

Bambo anatambasula dzanja lawo lamoyo. A Chaputala anamwetulira, poganiza kuti akufuna kakapuko. Koma dzanjalo linapita m'mphepete mwa thireyi, chala chachikulu chikuyenda pang'onopang'ono pomwe matabwa awiri analumikizana, monga ankachitira akamayesa ngati ntchito yasalala. Kenako anakankha thireyiyo pang'ono, kuilozetsa kukhomo.

"Tawo," anatero.

"Akuti chiyani?" anafunsa Abusa.

"Akuitana amayi anga. Akuti muwapatse iwo, kapena amwe nawo limodzi. Sindikudziwa. Koma akuwaitana."

"Mutu wasokonezeka ndi malungo," anatero a Chaputala. "Mnzanga, ndi ine. Tsiku lija lafika. Tsegula pakamwa."

Mkate anangowakhudzitsa pamlomo, popeza sakanatha kutafuna. Kenako a Chaputala anatenga kakapu kaja.

"Dikirani," ndinatero. "Samwa zamadzimadzi. Ndisakanize kaye ndi phala pang'ono."

"Magazi a Ambuye asakanizidwe ndi phala? Mwana iwe!"

"Ndiye ndipatseni ndiwamwetse ndi kasupuni. Mutu uyenera kutembenukira uku."

"Chikho chimaperekedwa ndi mkulu wodzozedwa. Taima apo."

Ndinayang'ana Abusa. Abusa anayang'ana pansi.

Bambo anali atatseka pakamwa zolimba, maso ali kukhomo. A Chaputala anaika dzanja pansi pa mutu wawo mwachikondi, n'kuukweza chibwano m'mwamba, momwe munthu aliyense wabwinobwino amamwera. Bambo anatsegula pakamwa kuti anenenso liwu lawo lija, ndipo a Chaputala anapendeketsa kakapuko.

Sindidzaiwala phokoso lake. Anatsamwa, thupi lonse linagwedezeka, vinyo anabwerera m'kamwa ndi m'mphuno n'kutsikira pa pilo. Nkhope inayamba kuda. Ndinawakankha a Chaputala, ndinawadzutsa Bambo, ndinawamenya kumsana, koma mpweya sunkalowa. Ndinakuwa ndi mawu anga onse.

"Amayi! Amayi, thamangani!"

Ndinamva geti likumenyeka, mapazi pabwalo, mapazi pakhonde. Kenako zii. Ndinatembenuka. Amayi anali ataima pakhomo la nyumba, manja atagwira mafelemu mbali zonse ziwiri, phazi lili pamwamba pa chiundo cha khomo osaliponda mkati. Kuchokera pamenepo ankaona kumapazi kwa bedi kokha.

"Amwa?" anafunsa. "Abambo ako amwa?"

"Lowani, Amayi, akutsamwa!"

"Ndikufunsa ngati amwa!"

"Lowani, mayi," anatero Abusa. Mawu anawatulukira tsopano, mochedwa ndi masabata awiri. "Lowani, palibe lamulo likukuletsani. Silinakhalepo."

Koma Amayi sankayang'ana Abusa. Ankafunafuna nkhope ya a Chaputala, omwe anali atatsamira khoma, kakapu kopanda kanthu kali m'manja, pakamwa pali yasa.

"Amwa!" ndinanama. "Amwa, Amayi, amwa yense!"

Analowa ngati mphepo. Anandichotsa, anakhala pabedi, anatembenuzira mutu wa Bambo mbali yakufa ija, chibwano pansi, chala pakhosi. "Ndabwera, abambo. Ndi ine, Kapitawo wanu. Ndabwera, pumani." Anapukuta m'kamwa mwawo ndi mpango, anawasisita pachifuwa, ankawalankhula ngati mwana. Dzanja lamoyo lija linakwera n'kupeza mkono wawo, pamalo pomwe linagwira tsiku lija. Linagwira pang'ono, kenako linamasuka lokha.

Ngati anawazindikira, sindikudziwa. Ndimadziuza kuti anawazindikira.

Ndisanaitane anthu, ndinavula nsalu ya pilo ija n'kuikankhira pansi pa mulu wa zochapa, kuseri kwa chitseko. Amayi anali atagoneka nkhope yawo pachifuwa cha Bambo, sanaone.

Maliro anayenda bwino, anthu amatero. Popeza Bambo anamwalira atabwezedwa, mpingo wonse unabwera, kwaya inaimba, ndipo Abusa analalikira za chisomo chomwe chimaposa lamulo. Unali ulaliki wabwino kwambiri. A Chaputala analankhula m'malo mwa akulu, anati mnzawo wapita ali woyera, atalawa chikho cha Ambuye, ndipo analira mpaka anawagwira. Amayi akamva mawu akuti chikho ankagwedeza mutu pang'ono, ndipo ndinkaona kuti ndi chokhacho chimene chikuwaimiritsa.

Masiku onse a maliro ankandifunsa, tikakhala awiri. "Unaona ndi maso ako?"

"Ndinaona, Amayi."

"Anameza?"

"Anameza."

Patatha mlungu umodzi a Chaputala anabweranso, ulendo uno ndi nkhope yowala. Anakhala pampando wa Bambo pabalaza.

"Mayi, ndabwera ndi uthenga wabwino. Bwalo la akulu lakhala dzulo. Popeza chimene chinkakutsekerezani chachoka, mwabwezedwa. Lamulungu likubwerali mukhale kutsogolo pamodzi ndi amayi anzanu. Mudzalandira Mgonero."

Chimene chinkawatsekereza. Munthu amene anandilera, amene anandikhomera tebulo la makina osokera, amene anagona pansi m'chipatala ine ndikudwala ndili mwana, anali chimene chinkawatsekereza. Ndinatsegula pakamwa, koma Amayi anandiponda phazi.

"Zikomo, bambo," anatero. "Mwatichitira zazikulu."

Atapita, Amayi anati nyumba yanunkha maliro, tichape chilichonse. Ine ndinapita kukatunga madzi, ndipo ndili pampopi m'pamene ndinakumbukira. Ndinasiya ndowa ikusefukira n'kuthamanga.

Ndinawapeza atakhala pansi kuseri kwa nyumba, pafupi ndi beseni, miyendo atatambasula. Nsalu ya pilo ija anali ataiyala pamiyendo. Banga lake linali litauma, lofiirira, lalikulu kuposa chikhatho cha munthu. Ankaliyeza ndi dzanja lawo, kuika chikhatho pakati, kenako kutambasula zala. Amayi achapa nsalu moyo wawo wonse, amadziwa kuti madzi ochuluka bwanji amasiya banga lalikulu bwanji.

"Timakapu tija n'tating'ono," anatero osandiyang'ana. "Sindinamwerepo, koma ndakhala ndikutiona tikudutsa. N'tating'ono kwambiri."

"Amayi..."

"Vinyo yense ali apa. Palibe dontho linatsika."

Ndinagwada pambali pawo. Ndinafuna kunamanso, koma bodza linali litandithera.

"Munali pakhomo," ndinatero. "Simukanalowa."

"Unachita bwino. Ukanachedwa pang'ono sindikanawapeza." Anasisita bangalo ngati mmene ankasisitira dzanja la Bambo. "Sankafuna, eti? Anakana?"

"Anakankhira thireyi kukhomo. Ankakuitanani."

Amayi sanalire mokweza monga analirira pamaliro. Misozi inkangotsika yokha, n'kumagwera pansalupo.

"Anandigwira mkono tsiku lija," anatero. "Munthu wopanda mawu anandiuza ndi dzanja kuti usapite. Ine n'kumasula zala zake chimodzichimodzi. Masabata anayi, mwana wanga. Anatsala ndi masabata anayi okha padziko, ine n'kuwathera pageti, kuti vinyo wawo imwe nsalu."

Ndinatambasula dzanja kuti nditenge nsaluyo ndiiviike m'madzi. Anaikoka n'kuikumbatira pachifuwa.

"Iyi usachape," anatero.

Lamulungu lija Amayi anavala diresi lawo n'kupita kutchalitchi. Amayi a kutsogolo anali atawasungira malo, ndipo ankawakodola ndi manja akumwetulira. Iwo anawadutsitsa maso n'kukakhala pa benchi la kumbuyo, kumapeto kwenikweni, kusiya mpata wa munthu mmodzi kudzanja lawo lamanja. Ine ndinakhala mbali inayo.

Nthawi ya Mgonero, thireyi inayenda mabenchi onse, ndipo kwa nthawi yoyamba m'zaka makumi awiri ndi ziwiri sinabwerere panjira. A Chaputala anaibweretsa okha mpaka kumbuyo, n'kuwerama pamaso pa Amayi. Tchalitchi chonse chinacheuka kuti chione.

Amayi anatambasula dzanja. Chala chawo chinayenda m'mphepete mwa thireyi, pomwe matabwa awiri analumikizana, mpaka kukafika pakona. Kenako anabweza dzanjalo pamiyendo.

"Pitirirani nayo, bambo," anatero motsitsa mawu. "Amene ndimati ndidzamwe nawo kulibe."